Penti ya a Ngozo Inakana Kuuma

Inu mumati za mizimu ndi za kumudzi, kwa anthu osapita kusukulu. Sendererani kuno ndikuuzeni ine, mayi wa satifiketi ya Fomu 4, amene ndinkakhoza Chingerezi kuposa anyamata onse a m'kalasi mwathu. Ndine Anachanza, mwini wake wa nyumba ya zithunzi ili m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri ku Zomba. Funsani aliyense m'tauni muno, akulozerani. Nyumba imeneyi ndinaitsegula ndekha, popanda bungwe, popanda bwana, popanda mwamuna wondigwira dzanja. Laimu wa m'makomawo ndinapaka ndi manja angawa. Ojambula ambiri amene lero akutchuka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, chithunzi chawo choyamba anachipachika pakhoma langa.

Ana anga ali kunja, wina ku Joni, wina ku Mangalande. Amaimba foni pa Khirisimasi. Bambo awo anapita kalekale ndi kamtsikana ka m'ofesi mwawo, ndipo sindinagwetse msozi. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti kukhala ndekha ndinakuzolowera. Sindine munthu wodzidzimuka ndi khoswe wa kudenga.

Mwa ojambula onse, amene anakhalitsa nane ndi a Lufeyo Ngozo, Mngoni wa ku Ntcheu, wamtali, wosalankhulalankhula. Ndinawapatsa kachipinda ka kuseri kuti azigwiriramo ntchito. Penti yofiira sankagula kusitolo. Ankabwera ndi katondo wa kwawo m'chitini, n'kumusefa, n'kumusakaniza ndi mafuta. Analinso ndi lamulo lawo: chithunzi chosatha sichigona chikuyang'ana anthu. Akaweruka ankachitembenuzira kukhoma.

"Chigone," ankatero. "Mawa chidzandiuza pamene ndalakwitsa."

Dzuwa likapendeka ankatsuka maburashi m'palafini, ife n'kumwa tiyi pakhonde. Akamaliza ankaima pakhomo, chipewa chili m'manja, kudikira. Ine ndinaleredwa bwino. Munthu amene wamwa tiyi m'kapu yako sungomusiya kuti atuluke yekha ngati wakuba. Ndinkawaperekeza kutsika nawo msewu mpaka pamphambano, pamene pali mtengo wa jakaranda. Pamenepo ndinkati, "Ine ndabwerera pano." Iwo n'kuyankha, "Zikomo mayi, mwandiperekeza." Zaka ndi zaka, mawu omwewo, mtengo womwewo.

Kangapo konse anandigwira pachigongono, nati, "Tsiku lina mudzaudutse mtengowu, mukaone kwathu."

Ndinkaseka. "Ine ku Ntcheu ndikatani, a Ngozo? Kukakumba kachewere?"

Tsiku limene anamwalira ndinali ku Blantyre kukatenga mafelemu. Anawapeza ndi Upile Matola, wojambula wina wa pakhoma langa, mayi wa pakamwa, amene amajambula azimayi a mumsika ndi mitundu yoboola m'maso. Akuti anali khale pampando, burashi ili m'manja. Pofika ine, thupi linali litapita kale kuchipatala. Kumaliro ndinatumiza nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonse, anthu mpaka lero amaikamba. Ine sindinapite. Nyumba ikanatsala ndi yani?

A Ngozo anasiya chithunzi chimodzi chosatha. Unali msewu wathu womwewu, nkhungu ikutsika m'phiri, dothi lofiira, jakaranda pamphambano. Pafupi ndi mtengowo chinsalu chinali choyera, chosapakidwa, malo okwanira anthu awiri.

Itafika nyengo yachisanu ndinaganiza zochita chionetsero chowakumbukira, chimene Zomba anali asanachionepo. Ndinasonkhanitsa zithunzi zawo, ndinaonjeza za Upile kuti makoma adzaze, ndipo chosathacho ndinachipachika pakati penipeni, moyang'anana ndi khomo.

"Anachanza, icho chokha musatero," anatero Upile. "Mwiniwake sankalola ngakhale ine kuti ndichisuzumire."

"Iwe Upile, umawerenga magazini? Anthu ozindikira amakonda zosatha kuposa zotha."

"Ozindikira akewo ndi ati? Omwe amabwera kudzadya masamusa aulerewa?"

Ndinamusiya. Munthu wa Fomu 2 sungalimbane naye pa nkhani za luso.

Tsiku lotsegulira anthu anadzaza mpaka pakhonde. Ndinavala diresi langa lobiriwira, ndinalankhula popanda pepala, anaomba m'manja. M'mawa mwake nditatsegula chitseko ndinapeza chithunzi chija chili pamsomali pake, koma chikuyang'ana kukhoma.

Ndinati ndi Upile ameneyu, wandichita chipongwe. Koma makiyi a nyumba imeneyi amagona m'chikwama changa. Ndinachitembenuza. Chala changa chinakhudza m'mphepete mwa msewu wojambulidwawo, n'kubwerako chofiira. Penti inali yaiwisi ngati yapakidwa m'mawa womwewo. Penti ya mafuta imachedwa kuuma, zimenezo musandiphunzitse ine. Koma munthu anali atagona m'manda kuyambira nthawi yokolola.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Ine kuchitembenuzira kwa anthu, m'mawa n'kuchipeza chagona.

Kenako linabwera fungo. Dzuwa likangopendeka, palafini ankamveka m'nyumba monse, pamene botolo lake ndinali nditalitaya kale. Kapu ya a Ngozo, yabuluu yothyoka chogwirira, inasowa pashelefu. Ndinakaipeza pakhonde, pambali pa mpando wawo, mkati mouma. Ndinaibweza. Inabwereranso.

Masiku amenewo chiperoni chinali chitagwira tauni. Phiri silinkaoneka, mvula yake yowaza ngati ufa, masana kuda ngati madzulo. Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wina wa kusekondale ndi mkazi wake. Anazungulira, anayamikira, ananditsanzika. Pofika pakhomo bamboyo anapatuka pang'ono, nawerama, nati, "Zikomo." Mkazi wake naye anapinda bondo, "Zikomo, bambo," n'kudutsa chammbali ngati khomo lachepa.

"Aphunzitsi," ndinawaitana, "zikomoyo ndi wa yani?"

Anatembenuka. Anayang'ana pakhomo, anayang'ana ine.

"Ndimayesa panaima munthu."

"Wooneka bwanji?"

"Nkhope sindinaione, mayi. Chipewa chokha. Anachigwira chonchi." Anaika manja onse awiri pamimba.

Mkazi wake anamukoka malaya, ndipo anatsika masitepe osacheukanso.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutchera khutu. M'mawa anthu ankalowa ndi kutuluka bwinobwino. Koma nthawi ya tiyi ikakwana, aliyense wotuluka ankapatuka pamalo omwewo. Abusa a mpingo wina anavula chipewa. Mzungu wina wachikulire, wosadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa, anadzipanikiza kuchitseko n'kumwetulira mphepo. Ndikawafunsa, onse ankachita manyazi, n'kunena kuti mwina ndi nkhunguyi.

Ine ndinayang'ana pakhomo pamenepo mpaka maso kuwawa. Ndinayang'ana ndi magalasi, ndinayang'ana popanda magalasi. Ndinkangoona masitepe onyowa. Tangoganizani. Anthu ongodutsa ndi msewu, osadziwa kusiyanitsa burashi ndi mswachi, ankawaona. Ine amene ndinawapatsa chipinda, ine amene ndinauza dziko lino kuti kuli munthu wotchedwa Ngozo, ayi.

Koma ndikuuzeni zoona, sindinaope. Ndinayambanso kuphika tiyi wa anthu awiri. Ndinkathira m'kapu yabuluu ija, n'kukhala pampando wanga, n'kuwafotokozera za tsikulo: amene wabwera, amene wavala zosayenera, amene waima nthawi yaitali pa chithunzi chawo cha amayi osenza nkhuni. Sankayankha. Nanga ali moyo ankayankha? Tiyi akazizira ndinkadziwa kuti anyamuka, akaima pakhomo. Ine ndinkatola makapu, n'kulowa kukhitchini, n'kutsegula mpopi mwamphamvu. Ndinkatulukira khomo la kuseri.

Upile anabwera ndi galimoto ya mlamu wake kudzatenga zithunzi zake.

"Chionetsero sichinathe," ndinamuuza.

"Kwa ine chatha. Azimayi anga a mumsikawa akuzizidwa muno." Ankazula zithunzi m'misomali osayang'ana kukhomo. "Anachanza, mukudziwa zimene akunena ku depoti? Akuti mwakwatiwa."

"Ndi yani?"

"Ndi mwamuna wabwino zedi. Sadya, samwa mowa, sayenda usiku kwa ena."

"Pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

Anasiya kuseka. Anaika chithunzi pansi. "Mayi anga, tiyeni mukagone kwathu ku Matawale. Mwaonda. Amene akuima apoyo sakuimira kuti pamukomera. Munthu saima pakhomo ngati sakufuna kupita."

"Ndakumva. Samala masitepe, ndi oterera."

Potuluka anayesetsa kuyenda mowongoka, chithunzi chili kumutu. Koma pakhomo phewa lake linapatuka lokha, ndipo ndinamva akunong'ona, "Zikomo, achimwene."

Anthu anayamba kuchepa. Masiku ena kunkada popanda wolowa ndi mmodzi yemwe. Ine sindinadandaule. Luso lenileni silifuna chigulu.

Tsiku lina masana ndili pakhonde ndinaona munthu akukwera msewu m'nkhungu muja. Ankayenda pang'onopang'ono, wamtali, mapewa ake omwe aja a Ngozo. Atayandikira ndinaona kuti ndi mzimayi, wa jekete lakuda ndi nsapato zoyera za anamwino. M'manja ananyamula kanthambi ka masamba kokulunga m'nsalu.

"Odi. Ndinu Anachanza? Ine ndine Anangozo, mlongo wake wa Lufeyo. Ndinali namwino ku Ntcheu, pano ndinapuma."

Ndinamulandira monga ndimalandirira alendo olemekezeka. Tiyi anakana.

"Sindichedwa, mayi. Achimwene sanafike kwathu. Thupi tinaika, koma iwo sanafike. Ndikagona ndimawaona ataima pakhomo la eni, chipewa m'manja. Ine ndagwira ntchito m'chipatala moyo wanga wonse, maloto sindiwawerengera. Koma tulo ndilibe, ndipo akuluakulu akana kumanga chiliza pamanda a munthu amene adakali paulendo. Kwathu munthu akafera kutali timapita ndi nthambi kukamutenga. Mundilole."

Ndinamulowetsa m'kachipinda ka kuseri. Anagwada, anakhudzitsa nthambi ija pansi ndi pampando, nalankhula motsitsa. "Achimwene, ndine Nangozo. Ndabwera. Tiyeni kwathu." Anadzuka, anayenda mpaka pakhomo, anatsika masitepe. Anaima pabwalo kanthawi. Kenako anabwerera, nkhope itagwa.

"Sakusuntha. Nthambi ikungopepuka." Anandiyang'ana m'maso ngati mmene anamwino amayang'anira wodwala wobisa matenda. "Kodi masiku onse ankachoka bwanji pano?"

"Ankangotuluka. Ngati munthu aliyense."

Fungo la palafini linadzaza chipinda mpaka mayiyo anatsokomola.

"Chabwino," anatero. "Ndikagona kwa msuweni wanga ku Chinamwali. Mawa ndibweranso. Ndikalephera mawa ndibwerera ndekha, mutsale nawo."

Mutsale nawo. Mawu amenewo ndinapita nawo kukhitchini, ndipo sindikubisirani, anandikomera.

Madzulo ake povula bulauzi yanga yoyera ndinaona chinthu pachigongono. Zala zofiira za katondo, zosindikizika bwinobwino, ngati za munthu amene wakugwira mwaulemu kuti akuuze kanthu. Ndinanunkhiza. Mafuta a penti.

M'mawa chithunzi chinali chagona monga mwa masiku onse. Ndinachitembenuza. Malo oyera aja sanalinso oyera. Munali anthu awiri, ongoyambidwa kumene, opanda nkhope, opanda manja. Wina wamtali, wotuwa ngati nkhungu. Wina wamfupi, wojintcha pang'ono, wobiriwira. Kubiriwira kwake ndinakudziwa, kunali m'kabati mwanga. Ndipo onse awiri anali kutsidya kwa jakaranda, mtengo ataudutsa.

Ndinakhala pansi, pasimenti pozizira, ine amene sindikhala pansi ngakhale pamaliro. Ndinamvetsa. Munthu waulemu akadikira nthawi yaitali sakwiya. Amangoganiza kuti mwina mwini nyumba akuchedwa chifukwa akulongedza katundu, apitire limodzi.

Anangozo anafika dzuwa litapendeka. Anandipeza nditavala diresi lobiriwira lija, nsapato zazitali, ndolo zanga za ku Joni. Ngati kuli kuperekeza, ndiperekeze ngati Anachanza.

"Lankhulani nawonso," ndinamuuza. "Kenako tsogolani. Zotsalazo ndi zanga."

"Mudziwe kuti ndikanyamula sindilankhula ndi munthu, sindicheuka, mpaka kwathu."

"Palibe amene akufuna kuti mucheuke."

Anagwadanso, ananena mawu ake, anatuluka. Ine ndinatsuka kapu yabuluu, ndinaipukuta, ndinaiika pashelefu. Kenako ndinayenda kupita kukhomo la kutsogolo, limene ndinali nditasiya kudutsapo nthawi ngati imeneyi. Pafupi ndi chitseko mpweya unali wozizira ngati wa m'firiji. Ndinayang'ana masitepe.

"A Ngozo," ndinatero, "tiyeni ndikuperekezeni."

Tinatsika. Anangozo patsogolo, nthambi ili pachifuwa. Ine m'mbuyo, kumanzere kwa msewu, malo anga a masiku onse. Kumanja kwanga timiyala tinkalira, phazi lalitali, losafulumira. Sindinayang'ane. Ndinalankhula monga ndinkalankhulira kale. Ndinawauza kuti zithunzi zawo ndidzazisamala, kuti Upile ndi wamwano koma dzanja ali nalo, kuti denga la kachipinda kawo layamba kudontha. Anyamata a kabaza amene amaima pagolosale anayamba kuseka.

"Amayi a zithunzi ayamba kuyankhula okha!"

Mmodzi anakwera njinga kuti atidutse pafupi andione bwino. Atafika kumanja kwanga anakhotetsa mwadzidzidzi, ngati akuzemba munthu, mpaka anakagwera m'ngalande. Anzake sanamuseke.

Jakaranda anatulukira m'nkhungu, wopanda maluwa, akudontha madzi. Anangozo anadutsa osaima. Ine ndinaima pamuzu womwe ndinkaima.

Pamenepo chinandigwira pachigongono. Sichinakoke. Chinangogwira, chozizira, chaulemu, chodikira.

Ndinayang'ana kutsogolo. Msewu unali kutsika, wofiira, wofewa, ndipo nkhungu ya kumeneko inkaoneka yowala. Ndinaganiza za kumene ndachokera. Nyumba ya makoma oyera. Foni yosalira. Mpando umodzi pakhonde. Ndani akanandifunafuna? Upile akanalira tsiku limodzi. Ana akanatumiza nkhata. Phazi langa lamanja linanyamuka lokha, ndipo nsonga ya nsapato inakhudza dothi la kutsidya kwa muzu. Sindinamvepo kupepuka kotero chibadwire.

Koma ine ndine Anachanza. Sindinatsatepo mwamuna ali moyo.

Ndinabweza phazi.

"Ine ndabwerera pano," ndinatero. Mawu anatuluka ang'ono ngati a mwana.

Chogwira chija chinakhalabe. Madzi ankadontha m'masamba. Ndinadikira yankho lija la zaka zonse, ndinalidikira ndi thupi langa lonse. Kenako chala chimodzichimodzi chinamasuka. Kutsogolo, mkono wa Anangozo unatsika mwadzidzidzi, ngati wina wamusenzetsa mwana wogona, ndipo anagwirizira nthambi ija ndi manja awiri.

Pamsewu waukulu panaima minibasi. Anangozo anakwera, nakhala pawindo. Pambali pake mpando unali wopanda munthu. Bambo wina wa thumba la makala anathamangira kuti akwere, koma kondakitala anamutchinga ndi mkono.

"Yadzaza, bwana. Dikirani ina."

Inu munamvapo kondakitala wa minibasi akunena kuti yadzaza?

Ndinakwera msewu ndekha. Timiyala tinkalira pansi pa nsapato zanga zokha. M'nyumba munkangomveka laimu ndi chinyezi. Chithunzi chinali pamsomali, chikuyang'ana kukhomo monga ndinachisiyira. Ndinachikhudza. Chouma gwa, ngati chajambulidwa zaka zapitazo. Wamtali uja anali kutsidya, patali, atatsala pang'ono kusungunuka m'nkhungu. Wobiriwira anali kuno kwa mtengo, yekha. Nkhope sanamupatse.

Chiliza anamanga. Anangozo anatumiza uthenga kuti tsopano akugona tulo. Upile anabweza zithunzi zake, ndipo anthu anayambanso kubwera, ochuluka kuposa kale, chifukwa nyumba yanga ilibe inzake m'chigawo chino. Amalowa, amatuluka, pakhomo amadutsa chiwongokere, osapatuka. Ambiri afuna kugula chithunzi chija. Ndimawauza kuti sichinathe.

Dzuwa likapendeka ndimachitembenuzira kukhoma ndekha. Ndimamwa tiyi, ndimatseka, ndimatsika msewu mpaka pa jakaranda. A kabaza akafunsa ndimawauza kuti adokotala anati ndiziyenda chifukwa cha BP. Ndikafika pamuzu paja ndimaima, n'kunena mawu anga. Kenako ndimadikira pang'ono, chifukwa a Ngozo sanali munthu wochoka osathokoza.